Chaka chimene timu ya amuna anga inalephera kukwera

Ku Mangalande sindinapondeko, ndipo mpira sindiukonda mpaka lero, koma kuli timu ina kumeneko imene inandisamutsa pamudzi pa amayi anga. Anyamata ake sanadziwe n'komwe kuti kufupi ndi Namitete kuli mayi wina amene ankawakalipira chamumtima Loweruka lililonse. Zinali pakati pa zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya, ine ndili ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda.

Amuna anga kwawo kunali ku Kabudula. Kwathu anabwera pa chikamwini, monga ankachitira amuna ambiri masiku amenewo: kusiya kwanu, kukamanga nyumba kwa mkazi, n'kumalima munda umene apongozi akulozera. Tisanakwatirane anakhala zaka zingapo ku Halale, akugwira ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wa ku njanji. Mzunguyo analibe mkazi, anzakenso anali ochepa, ndiye akakhala patebulo ankaimika khukhi wake pambali n'kumamulongosolera za mpira wa kwawo. Kwawoko kunali tauni ya malasha ndi utsi, ndipo timu ya tauniyo inkavala malaya amizeremizere. Amuna anga poyamba ankangoti inde bwana, inde bwana, podikira kuti achotse mbale. Pofika chaka chachitatu anali atawadziwa osewera onse, wothamanga ndi waulesi yemwe, ndipo timuyo ikagonja onse awiri sankadya bwino.

Mzunguyo atapuma ntchito n'kubwerera kwawo, analonjeza kuti azitumiza masamba a mpira a m'nyuzipepala. Amuna anga atandiuza zimenezi tili pa chibwenzi ndinaseka, ndinati ndani angakumbuke khukhi ali kutsidya kwa nyanja. Koma ankatumizadi. Mwezi ndi mwezi kamtolo kankafika ku positi ofesi ya ku Namitete, masamba anayi kapena asanu opindapinda, omangidwa ndi ulusi. Kankayenda pa sitima ya pamadzi, kenako ya pamtunda, kenako pa lole, moti pofika m'manja mwathu nkhani zake zinkakhala zitachedwa ndi masabata asanu ndi limodzi.

Titangokwatirana ankawerenga okha, ine ndilibe nazo ntchito. Kenako ng'ala inagwira diso lamanzere, patapita chaka inagwiranso lamanja. Kuchipatala tinapita kawiri, kawiri konse anatiuza kuti tidikire. Pofika chaka chimene ndikunenachi, amuna anga ankangozindikira kuti uku n'kowala, uku n'kwamdima, ndi kuti pakhomo paima munthu. Ntchito yowerenga inagwera ine. Malemu bambo anga anali mkulu wa mpingo ndipo anandiumiriza sukulu mpaka Sitandade 4, ndiye Chingerezi ndinkatha kuchitchula, ngakhale kuti chimene ndinkamva bwino ndi manambala okha. Amuna anga ankachimva ndi khutu chifukwa cha zaka za kukhitchini zija. Ine ndinkatchula, iwo n'kumamasulira.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo pa limenelo sankaseka ndi munthu: tsamba limodzi Loweruka limodzi, motsatira masiku, osasuzumira kutsogolo. Ndikanena kuti abambo, masewero onsewa anatha kalekale, bwanji tingowerenga tione, ankayankha kuti kuno sanachitike mpaka titawerenga. Ndiye Loweruka masana, tikaweruka kumunda, ndinkayala mphasa pakhonde. Amuna a m'mudzi anayamba kumabwera, poyamba awiri, kenako asanu ndi mmodzi, ena atanyamula timipando tawo. Amuna anga ankajambula bwalo pansi ndi chala, n'kuika timiyala, uyu goloboyi, uyu wa kumapiko, uyu womwetsa zigoli, ndipo manja awo sankaphonya kamwala ngakhale kamodzi. Madoda amene moyo wawo wonse anangoonapo mpira wachikulunga ankatsutsana mpaka thukuta za goloboyi amene sankadziwa ngakhale kutalika kwake. Ine ndinkangowayang'ana, n'kumaganiza za ndiwo zimene sindinathyole.

Timu yathu, poti ndinayamba kuitchula choncho osafuna, inali mu gawo lachiwiri. Inagwa kuchoka mu gawo loyamba zaka zingapo m'mbuyomo, ndipo chaka chilichonse inkalimbana kuti ibwerere. Pa matimu makumi awiri ndi awiri, okwera ankakhala awiri okha amene athera pamwamba. Pansi pa tsamba pankakhala mndandanda wa matimu onse. Ndinkawerenga kuyambira pamwamba, amuna anga akupinda zala, mpaka nditafika pa dzina la athu. Chifukwa cha kuchedwa kwa mitolo, chaka cha mpira kwa ife chinkayamba tikuthirira nazale ya fodya, n'kutha titakolola chimanga. Chaka chimenecho tikuwokera fodya anali pa nambala seveni, tikubandira chimanga anali pa folo.

Kumunda ndiye kunali nkhani ina. Mizere ndinkaunga ndekha, mwana ali kumsana. Alangizi a zaulimi ankafuna milambala yotchinga madzi a mvula, ndipo mlambala si ntchito ya mkazi mmodzi, ndiye ankandikumbira ndi mwamuna wa mng'ono wanga, akung'ung'udza mokweza bwino kuti ndimve. Amuna anga anayesa. Tsiku lina anandikakamiza kuti ndiwaimike pamzere azipalira mopapasa, ndipo pofika kumapeto anali atadula mapesi a chimanga oposa udzu. Anakhala pansi pomwepo, khasu lili pamiyendo. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yawo inali ya m'chigafa, kusoka fodya ndi kumuyanika pamikangala, ndipo ankasoka mwaukhondo kuposa tonsefe. Koma kusoka fodya ndi kwa miyezi iwiri, pomwe kudya ndi kwa chaka chonse.

Amayi anga sanali munthu woipa, ndikufuna zimenezi zimveke. Anali wamasiye, ndipo pa njala ija ya 1949 anaika ana awiri. Munthu wotere akayang'ana nkhokwe saona chimanga, amaona miyezi. Tsiku lina mu February anaitana atsibweni anga, mlongo wawo, amene analinso nkhoswe ya ukwati wanga. Anaima kuseri kwa chigafa n'kumakambirana motsitsa mawu. Amayi anati mwana wawo akutha thupi ndi kulimira anthu atatu, kuti mkamwini anamulandira kuti adzathandize, ndipo munthu wodwala amasamalidwa ndi mbumba yake. Atsibweni anati tikambirana tikakolola. Anaiwala kuti m'chigafamo muli munthu, kapena ankaganiza ngati ambiri, kuti wosaona samvanso.

Madzulo ake, ndikutsuka mbale, amuna anga anandiitana.

"Amake mwana, ndamva zonse. Amayi sakulakwa."

"Zisiyeni zimenezo, abambo. Munakwatira ine, simunakwatire amayi."

"Ndikudya thukuta la akazi awiri ndi la mwamuna wa mlamu wanga. Kwathu ndikakhala pakati pa alongo anga, palibe angandiwerengere mbamu. Koma kupita sindikufuna, ndipo kukhala ndikuchita manyazi. Ndasowa chochita." Kenako anati, "Tichite chonchi. Anyamata aja akakwera chaka chino, ndikhala, ndipo amayi anene zimene anganene. Akalephera, ndipita kwathu."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti umenewo ndi ula, ndipo munthu wobatizidwa saombeza ndi nyuzipepala. Ndinawafunsa ngati ukwati wanga wasanduka mpira woti azungu osandidziwa aziuponda ndi nsapato. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenako anati si ula, angofuna kuti wina awagamulire, chifukwa iwo mtima wawo wagawikana pakati. Ndinkawadziwa amuna anga. Anali munthu wofatsa, wosakweza mawu, koma akanena chinthu ngakhale ng'ombe zinayi sizikanawakoka. Ndipo mwa mwambo wathu, mwamuna akabwerera kwawo, mkazi ndi ana amatsala. Ukwati umathera pamenepo, ngakhale popanda wotukwana mnzake.

Kuyambira pamenepo Loweruka linasiya kukhala tsiku la phokoso la madoda chabe. Ndinayamba kumvetsera. Ndinadziwa kuti kupambana ndi mapointi awiri, kufanana mphamvu ndi imodzi. Ndinadana ndi mnyamata wina wa kumapiko amene ankangophonya zigoli, ndipo atathyoka mwendo ndinadzipeza ndikumupempherera. Tikuthyola fodya anali pa nambala fili, kenako pa thu, kenako anabwerera pa fili. Madoda aja sankadziwa chimene chinali pa ine. Ankangodabwa kuti mayi amene kale ankawerenga ngati akuwerenga malamulo a dipi ya ng'ombe tsopano akuthamangira kumva zigoli.

Pasukulu ya mpingo wathu panali aphunzitsi ena amene anagula wailesi, ija yooneka ngati poto, ya batire lalikulu ngati njerwa. Anali munthu wabwino, wokonda kukhala woyamba kudziwa zinthu. Lamulungu lina kumayambiriro kwa May, tikutuluka m'tchalitchi, ananditsatira akumwetulira.

"Mayi, kodi mwamva? Dzulo pa wailesi amatchula za mpira wa ku Mangalande. Atha chaka. Anyamata a amuna anu aja athera pa nambala fili, aphonya pang'ono zedi. Ndati ndikuuzeni musavutike n'kudikira mapepala."

Ndinawathokoza, chifukwa ndinaleredwa bwino. Kenako ndinawapempha kuti asauze munthu wina aliyense, ngakhale akazi awo. Anadabwa, koma atandiyang'ana kumaso anavomera osafunsa, ndipo anasungadi pakamwa, chinthu chimene kwa iwo chinali ngati kusala kudya. Ndinabwerera kunyumba. Amuna anga anali pakhonde akutonola chimanga, mwana akuwathira misere m'thumba la malaya. Anandifunsa kuti ulaliki unali wotani, ndipo sindinakumbuke ngakhale mutu wake.

Sabata imeneyo ndinkakumba mtedza, ndipo ndikuvomera kuti bodza ndinalikonza lonse, ndi michira yomwe. Kunali kosavuta. Kungosinthanitsa manambala awiri pa tsamba lomaliza, n'kutchula dzina la athu lachiwiri m'malo mwa lachitatu. Kupatula aphunzitsi aja, amene anali atalonjeza kusaulula, m'mudzi monse wowerenga Chingerezi ndinali ine. Ndinkayeseza mawu ake ndili chiweramire, kuti lilime lisadzandipereke. Ndinaganizanso zoti mtolo womaliza ndingouponya m'chitsime, ndinene kuti sunafike. Koma ndikafika kunyumba, munthu uja ankandifunsa kuti amake mwana, malayawa ndi oyera, kodi kumwambaku kuli mitambo, kodi mwanayu wafanana ndi yani tsopano, ndipo chilichonse chimene ndayankha ankachilandira osakayika. Maso ena analibe. Ndinaona kuti ndikawanamiza pa chinthu chimene aikapo moyo wawo, ndiwasunga pakhomo, koma ndikhala nditawachititsa khungu kachiwiri. Ndinaopanso, ndisabise, kuti chaka chotsatira mapepala adzabwera ndi matimu omwewo a gawo lachiwiri, ndipo ndidzanama Loweruka lililonse mpaka imfa.

Chimene ndinali nacho ndi masabata asanu ndi limodzi. Kuchedwa kwa mapepala kumene ndinkanyoza kuja kunandipatsa nthawi imene mkazi wina aliyense sakanaipeza.

Atsibweni ankakhala tsidya lina la mtsinje, kwa akazi awo, poti nawonso anali mkamwini. Ndinawapeza akuluka nkhokwe. Anali munthu wamanyazi, wokonda mtendere, amene nkhani yovuta ankayamba waizungulira katatu. Ine sindinazungulire. Ndinawauza kuti amuna anga apita kwawo mwezi wamawa, ndipo ine ndikufuna kupita nawo pa chitengwa, ndiye kuti mkazi kutengedwa kukakhala kwa mwamuna ndi chilolezo cha abale ake.

Anaika nsungwi pansi. "Iwe mwana, chitengwa sapempha ndi mkazi. Amadzapempha ndi akuchimuna, ndipo amapempha munthu amene waonetsa kuti angathe kusunga mkazi. Nanga uyu akakusunga ndi chiyani?"

"Ndikadzisunga ndekha, atsibweni, monga ndikuchitira pano. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko iwo akadya osawerama mutu."

"Nanga munda wa kudambo uja? Amako anakusungira iwe, ndiwe mwana woyamba. Ukachoka upita kwa mng'ono wako, ndipo subwereranso. Kumeneko ukakhala mtengwa, mlendo, wolima pamene akulozera. Waganiza bwino, eti?"

Ndinati ndaganiza. Kunena zoona, mundawo unkandiwawa kuposa mmene ndinaonetsera. Unali wa dothi lakuda, wosauma msanga, ndipo ndinaphunzirira kugwira khasu momwemo. Atsibweni anati akuchimuna akabwera mwa dongosolo, iwo sawabweza, koma kwa amako ndikanena ndine, iwe usayambe.

Kunyumba ndinanena kuti ndikukapereka mtedza kwa alamu ku Kabudula, poti anali atangobereka kumene. Zinali zoona, mtedzawo ndinasenzadi, ngakhale sizinali zoona zonse. Ndinanyamuka m'mamawa Lolemba, mwana kumsana, dengu pamutu. Ndinagona kwa anthu a mpingo ku Nsaru, n'kufika tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka, mapazi atatupa. Alamu anga, mlongo wamkulu wa amuna anga, anandilandira bwino, koma nditanena chimene ndabwerera anagwira pakamwa. Anaitana achimwene awo aakulu, amene anali nkhoswe ya kuchimuna. Iwo anandifunsa kawiri ngati mwini wake akudziwa. Nditati sakudziwa, anaseka chapansipansi, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo mkazi akudzitengera yekha chitengwa, wapansi, ndi mwana kumsana. Kenako anasiya kuseka. Anati iwo ankayembekeza kuti tsiku lina m'bale wawo adzabwezedwa yekha ngati khasu lothyoka, ndipo nyumba anali ataiganizira kale pomanga. Anandilozera malo a munda, kumtunda, dothi lofiira la miyala. Ndinaliyang'ana, ndinati zikomo.

Patatha masabata awiri akuchimuna anabwera kwa atsibweni ndi nkhuku ndi khasu latsopano. M'mudzi mwathu sanalowe, kuti m'bale wawo asamve mawu awo. Nkhani inakambidwa, inatha. Atsibweni anakauza amayi. Amayi sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandipeza pamtondo, anaima, n'kunena kuti, "Ndiye wasankha." Kuyambira pamenepo ankandilankhula za mchere ndi za nkhuni basi.

Chovuta koposa pa masabata amenewo sichinali ulendo, kapena amayi. Anali Maloweruka. Anyamata aja, ngati akundichita chipongwe, anayamba kupambana. Anapambana kwawo, anapambana koyenda, anapambananso. Madoda ankaomba m'manja, wina anabweretsa nzimbe kuti tonse tidye. Amuna anga anayamba kudya bwino, ankaimba nyimbo za m'tchalitchi posenda mtedza, ndipo tsiku lina anandiuza kuti chaka chamawa ndiwagulire nsungwi aphunzire kuluka madengu, kuti apongozi aone kuti manjawa akadalipo. Ine ndinkawerenga zigoli zimenezo ndikudziwa kumene zikupita. Sindinanamepo mawu amodzi, koma mtima unkandiwawa ngati ndikunama. Pakati pa sabata ndinkalongedza pang'onopang'ono, mbewu ya mtedza m'chikwatu, miphika iwiri, mphasa yatsopano, n'kumakaziika kwa atsibweni.

Loweruka lomaliza linali la mu June, kukuzizira, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga pabwalo. Anthu anabwera ambiri kuposa kale, ena mpaka anaima. Amuna anga anavala jekete lawo la ku Halale. Anakonza timiyala tawo, n'kulongosola kuti athu akusewera koyenda ndi timu ya kumunsi kwa mndandanda, yosaopsa, ndipo akangopambana akwera. Ndinatambasula tsamba. Ndinawerenga monga linalembedwera. Athu anapanikiza chigawo choyamba chonse, mpira unagunda mtengo kawiri. Chigawo chachiwiri eni bwalo anathawa kamodzi kokha n'kumwetsa. Amuna anga anamasulira zonsezo bwinobwino, mawu osasintha, akusuntha timiyala. Kenako anati ndiwerenge mndandanda. Ndinatchula dzina loyamba, anapinda chala. Ndinatchula lachiwiri, anapinda china. Dzina lachitatu, la athu, sanadikire kuti ndilitchule.

Madoda anapepesa ngati pamaliro aang'ono, wina anati chaka chamawa, n'kumabalalika ndi timipando tawo. Tinatsala awiri, mwana akugona m'nyumba. Amuna anga anasonkhanitsa timiyala n'kutiika pambali pa chipupa.

"Amake mwana, mundipezere munthu wondiperekeza. Lachiwiri kapena Lachitatu. Katundu wanga ndi wochepa."

"Ngolo ibwera Lachinayi," ndinatero. "Achimwene anu abwereka ya anzawo. Katundu ndi wambiri, chifukwa muli miphika yanga."

Anatembenuzira nkhope kwa ine. Ndinawafotokozera zonse, za wailesi, za atsibweni, za ulendo wa ku Kabudula, za nkhuku ndi khasu. Anamvetsera osandidula.

"Munadziwa liti?"

"Tisanayambe kukumba mtedza."

"Ndiye masewero onse aja, anthu akuomba m'manja, inu mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Bwanji simunangosintha manambala? Ndani akanakutsutsani?"

"Ndinaganiza zimenezo sabata yathunthu. Musandifunsenso."

Kenako anafunsa za munda wa kudambo, ndipo ndinati wapita kwa mng'ono wanga. Anati sanandipemphe kuti nditaye munda wa amayi chifukwa cha iwo. Ndinayankha kuti nawonso sanandipemphe maganizo pamene ankapereka ukwati wanga kwa anyamata a malaya amizeremizere, ndiye tafanana mphamvu. Anaseka pang'ono, kenako anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene diso lachiwiri linatseka. Ndinalowa m'nyumba kuti ndiwapatse mpata, n'kukasonkha moto.

Lachinayi ngolo inafika m'mawa. Atsibweni anabwera, mng'ono wanga ndi mwamuna wake anathandiza kukweza katundu, madoda a Loweruka aja anabwera kudzagwira chanza, ena akudandaula kuti mpira wawo wapita. Amayi sanaoneke. Amuna anga anapempha kuti ndiwatsogolere kunyumba kwawo akatsanzike, koma tinapeza chitseko chotseka. Anaima pakhomopo, chipewa m'manja, n'kunena mawu otsanzika kwa chitsekocho, mwaulemu wonse, ngati apongozi ali m'kati.

Njira ya ku Nsaru inkadutsa m'mphepete mwa dambo. Tili pangolo, ndinawaona amayi ali pakati pa munda uja, akusonkhanitsa mapesi amene sankafunika kusonkhanitsidwa mwezi umenewo. Phokoso la ngolo analimva, sakanalephera kulimva. Anatifulatira, n'kupitiriza kuwerama. Mwana anawazindikira, anayamba kuloza n'kumaitana agogo ake.

Amuna anga anandigwira mkono. "Kodi amayi ali pamenepa?"

"Ali m'munda."

"Atiyang'ana?"

Ndinayang'ana msana wa mayi anga, wowerama, ukucheperachepera kumbuyo kwathu. Ndinadikira kuti mwina atembenuka, mpaka ngolo inayamba kukhota.

"Atiyang'ana," ndinatero. "Akweza dzanja."

Amuna anga anavula chipewa, n'kuchikweza m'mwamba kuloza kumene ankaganiza kuti kuli munda, ndipo anachigwira choncho mpaka titawoloka mtsinje. Tinakhala limodzi zaka makumi atatu kuchokera tsiku limenelo, ndikuwauza za mitambo, za nkhope za ana ndi za zigoli, ndipo bodza limene ndinawauza ndi limenelo lokha.